Kuphunzitsa achinyamata a mumpingo kusamalira chilengedwe

Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, mipingo yambiri imasonkhanitsa achinyamata. Abusa amadzala mtengo woyamba, kwaya imayimba, zithunzi zimajambulidwa. Mukapitanso pamalopo mu Okutobala mumangopeza maenje, mbuzi zikupuma momwemo. Inu alangizi a achinyamata amene mukufuna kuti phunziroli likhazikike, yesani njira iyi.

Yambani ndi kuwatulutsa m'tchalitchi. Loweruka lina m'mawa yendani nawo kumtsinje kapena kuphiri lapafupi, ndipo tengani gogo mmodzi wa mumpingo amene anakulira pamalopo. Musalalikire m'njira. Asiyeni afunse okha: mtsinjewu unkaphwa mwezi uti kale, nanga lero ukuphwa liti? Chigwembe ichi chinayamba chaka chanji? A ku Blantyre sakusowa poyambira, chifukwa ambiri mwa iwo anaona ndi maso matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. A ku Zomba ndi ku Machinga ali ndi nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Pamenepo afotokozereni mwachidule mmene mizu imagwirira dothi, mmene masamba ogwa amachedwetsera madzi amvula kuti alowe pansi, ndi chifukwa chake chitsime cha m'munsi mwa phiri lometedwa chimauma msanga.

Mukabwerako ndiye tsegulani Baibulo. Ambiri amathamangira Genesis 1 pa nkhani ya kulamulira zolengedwa, mnyamata wochenjera n'kunena kuti ndiye kuti zonse n'zathu, tichite nazo mmene tifunira. Mutengereni ku Genesis 2:15, pamene munthu akupatsidwa ntchito ziwiri m'munda wa Edeni, kulima ndi kusunga, kenako ku Salimo 24 limene likunena za mwini wake wa dziko. Koma ndime zimene ndaona zikuwadzutsa achinyamata ndi zija sitizimva kawirikawiri paguwa. Levitiko 25 amalamula kuti munda upume chaka chachisanu ndi chiwiri. Deuteronomo 20 amaletsa asilikali kudula mitengo yazipatso ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Deuteronomo 22 amaletsa kutenga mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake pachisa, ndipo anyamata a malegeni pamenepa amayamba kuyang'anana. Akatolika angawonjezere kalata ya Papa Francis ya mu 2015, Laudato Si'.

Samalani kwambiri mukafika pa nkhani ya makala. M'gulu lanu muli mwana amene fizi yake imachokera ku thumba la makala limene bambo ake amakankha panjinga usiku, mulinso ana a m'tauni amene nsima yawo ya dzulo inapsa ndi makala omwewo. Mukangonena kuti owotcha makala ndi ochimwa, woyambayo sabweranso sabata yamawa, enawo aphunzira kuloza chala. Ndi bwino kuwafunsa onse kuti kunyumba kwawo amaphikira chiyani, kenako n'kuitana munthu wodziwa kuumba mbaula ya dothi yosunga nkhuni, monga ya Chitetezo, kuti awaphunzitse. Wachinyamata akapita kwawo ndi mbaula imene waumba yekha, amayi ake amvetsera.

Tsopano ntchito yeniyeni, nazale. Yambani cha mu Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande zikhale zitakula mvula ikamakhazikika. Pemphani malo pafupi ndi mjigo kapena chitsime, ndipo kaonaneni ndi mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi wa m'dera lanu kuti akuthandizeni pa mbewu ndi machubu. Sankhani mitengo mwanzeru. Nsangu amayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero chimanga chimakula bwino pansi pake. Gliricidia amabwezeretsa chonde m'nthaka msanga. Mbawa ndi wa m'mbali mwa mtsinje. Ikaninso mango, mapapaya ndi magwafa, popeza mtengo wobala chodyedwa susowa woulondera. Bulugamu musamuyandikize kuchitsime kapena kudambo, amamwa madzi ambiri.

Musatengeke ndi kuchuluka. Aliyense alandire mitengo itatu kapena isanu basi, dzina lake lilembedwe m'kaundula pamodzi ndi malo amene wadzala. Ntchito yake ndi kutchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye, kuphimbira udzu patsinde mvula ikatha, kuyang'anira chiswe, kuthirira m'chilimwe, ndi kulambula kuzungulira kuti moto wa osaka mbewa usafike. Kumene kuli zitsa zophukira, aphunzitseni kusadza nthambi n'kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, chimakula msanga kuposa mbande.

Za zinyalala n'zosavuta. Pambuyo pa msonkhano uliwonse wa mpingo achinyamata atole majumbo ndi mabotolo, zowola zipite kudzenje la manyowa a nazale. Koma akuluampingo nawo asamataye pansi pepala la switi n'kumayembekeza kuti ana atola.

Chikondwerero musachite tsiku lodzala. Chisungeni mpaka kumapeto kwa Okutobala, dzuwa litawotcha. Tsiku limenelo yendani ndi kaundula uja, muwerenge mitengo yamoyo, ndipo amene yawo yapulumuka aitanidwe kutsogolo pa mapemphero a Lamulungu monga mmene timachitira ndi opambana pa mpikisano wa kwaya. Amene yawo inafa afotokoze chimene chinaipha, alandire mbande zina mu Disembala. Ngati mpingo wanu unadzala mitengo chaka chathachi, pitani mukaiwerenge sabata ino musanaitanitse machubu ena.