Kutsuka ndi Kupha Tizilombo: Ukhondo wa Mabotolo a Mowa Wofulula Pakhomo M'boma la Karonga

Mawu oyamba

M'boma la Karonga amayi ambiri amapeza ndalama za fizi ndi zofunika zina pakhomo pofulula mowa wamasese, kutcheza kachasu ndi kuphika thobwa. Kale mowa, umene Angonde amautcha ubwalwa, unkamwedwa m'chipanda, koma lero zakumwazi zimagulitsidwanso m'mabotolo otoleza, agalasi ndi apulasitiki. Cholinga cha nkhani ino ndi kuwonetsa kuti kutsuka botolo ndi kupha tizilombo tam'botolo ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale kuti m'chiyankhulo chathu timaziphatikiza.

Zimene mawu amabisa

Chichewa chili ndi aneni angapo okhudza ukhondo wa ziwiya. Kukwecha ndi kuchotsa litsiro louma, kutsuka ndi kuchotsa litsiro ndi madzi, pamene kutsukuluza ndi kudutsitsa madzi komaliza. M'Chitumbuka, chomwe chimayankhulidwanso ku Karonga, amati kusuka. Aneni onsewa amanena za litsiro looneka ndi maso, ndipo ntchito ikatha timati botolo layera. Mawu oti kuyera amanenanso za mtundu ndi kuwala, kotero amene amaweruza ndi diso. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tilibe mneni mmodzi wotanthauza kupha tizilombo tosaoneka, ndipo nchosavuta kuiwala ntchito imene ilibe dzina lakelake.

Chimene chimaononga mowa

Mu 1876 katswiri wa sayansi wa ku France, Louis Pasteur, anasindikiza kafukufuku wowonetsa kuti mowa umaonongeka chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Matsalira a mowa wakale pansi pa botolo amasunga tizilombo totere, ndipo tikakumana ndi mpweya tina timasandutsa mowa kukhala viniga. Ku Karonga kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, choncho tizilomboti timaswana msanga. Mowa ukasasa, chimera, shuga ndi nkhuni zimapita pachabe.

Nkhawa yachiwiri ndi matenda. Kolera anabuka ku Karonga kumapeto kwa 2017, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tizilombo ta kolera sitikhalitsa mu mowa wowawasa, koma timatha kufika kukamwa kudzera m'madzi otsukira otungidwa kunyanja kapena mumtsinje ngati North Rukuru, m'manja mwa wogulitsa ndiponso pamlomo wa botolo. Thobwa ndilo lofunika kusamala koposa chifukwa lilibe ukali ndipo amamwa ndi ana omwe.

Kusankha ndi kutsuka

Ntchito imayamba ndi kusankha. Botolo lomwe munali petulo, palafini kapena mankhwala opopera thonje ndi mbewu zina lisagwiritsidwe ntchito, chifukwa pulasitiki imasunga poizoni ngakhale itatsukidwa kangati. Kachasu sachotsa poizoniyu. Botolo long'aluka kapena lokalikakalika m'kati litayidwenso pakuti litsiro limabisala m'ming'alumo.

Mabotolo osankhidwa aviikidwe m'madzi asopo kuti litsiro lifewe. Ngati palibe burashi, thirani timiyala tosalala m'botolo lagalasi pamodzi ndi madzi asopo, kenaka khutchumulani. Kwechaninso mlomo ndi chitsekerero. Mukatsukuluza, yang'anani botololo padzuwa: ngati pansi pakuoneka zoyangayanga, bwerezani. Mankhwala opha tizilombo sagwira bwino ntchito pamalo pomwe pali litsiro, nchifukwa chake kutsuka kuyenera kuyambirira.

Kupha tizilombo

Njira yoyamba ndi kuwiritsa. Mabotolo agalasi aikidwe mumphika wa madzi ozizira, amire onse, kenaka awire kwa mphindi 10. Mukawaponya m'madzi owira kale amasweka. Mabotolo apulasitiki a zakumwa zoziziritsa kukhosi amapindika ndi madzi otentha, kotero iwo amafuna njira yachiwiri, ya kolorini. Thirani supuni imodzi yaikulu ya Jik wosanunkhiritsa m'malita anayi a madzi ozizira ndipo viikani mabotolo ndi zitsekerero kwa mphindi 20. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena, chifukwa amatulutsa mpweya woopsa.

Potsukuluza ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yonse. Madzi otsukuluzira akhale owiritsa ndi kuziziritsa, apo ayi tizilombo tibwerera m'botolo. Kutsukuluza nkofunika chifukwa kolorini wotsalira amachititsa mowa kumveka ngati mankhwala. Mukatero, zondotsani mabotolo pathandala loyera kuti aume okha, osawapukuta ndi nsalu, ndipo thiranimo chakumwa tsiku lomwelo. Fanulo ndi manja zikhalenso zotsuka ndi sopo. Kumbukirani kuti mowa wamasese umapitiriza kuwira uli m'botolo, choncho mukatseka kwambiri botolo likhoza kuphulika.

Mawu omaliza

Nkhani ino yawonetsa kuti botolo loyera ndi maso silinathe kukonzeka. Alangizi a zaumoyo ndi omasulira mauthenga m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingonde asamangolemba kuti "tsukani mabotolo". Uthenga utchule ntchito zonse ziwiri: tsukani, kenaka wiritsani kapena viikani m'kolorini. Wofulula akamva choncho adzateteza mpamba wake ndi moyo wa anthu omwe amamugula.