Phunziro 14: Tilembe Mtengo wa Nkhuku

Pafupifupi khomo lililonse kuno ku Chipera lili ndi nkhuku. Mwana akadwala timagwira thadzi kukagulitsa. Chimanga chikatha m'nkhokwe timagulitsa tambala. Koma ambiri sitidziwa ngati tagulitsa bwino kapena tadyeredwa masuku pamutu. Tsopano poti taphunzira kulemba manambala, tiyeni tizilemba mitengo.

Kukwera mitengo n'chiyani?

Zinthu zikakwera mtengo, ndalama imachepa mphamvu. Ndalama yomwe ija imagula zochepa. Ndalama yathu ya metikali inayamba m'chaka cha 1980. Mitengo inakwera zaka zambiri, mpaka mu 2006 boma linatulutsa metikali yatsopano: 1,000 akale anasanduka mmodzi. Mu 2016, chaka cha chilala, mitengo m'mizinda ya Mozambique inakwera ndi pafupifupi 25 pa 100.

Boma lili ndi anthu olemba mitengo. A ku ofesi ya INE amayenda m'misika ya m'mizinda mwezi ndi mwezi. A SIMA, ku unduna wa zaulimi, anayamba kulemba mitengo ya mbewu mu 1991. Ifenso tikhoza kuchita chimodzimodzi pamsika wathu. Chofunika ndi kope ndi pensulo basi.

Kalembedwe kake

1. Sankhani nkhuku ya mtundu umodzi, monga tambala wamkulu wachikuda. Musasakanize ndi msoti kapena nkhuku zoyera za m'tauni.
2. Mufunse mtengo kamodzi pamwezi, sabata yoyamba.
3. Mufunse ogulitsa atatu, ndipo mulembe mtengo wapakati.
4. Tsiku lomwelo mulembenso mtengo wa chitini cha chimanga. Chitini chizikhala chomwecho miyezi yonse.
5. Boma lathu la Maravia lili m'malire ndi Zambia. Wina akatchula makwacha, mulembe padera, osaphatikiza ndi metikali ayi.
6. Wina akapita ku Fingoé kapena ku Tete, akafunse mtengo wa kumeneko, tidzayerekeze ndi wathu.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti chaka chatha tambala anali MT 300, chitini cha chimanga MT 150. Tambala mmodzi anagula zitini ziwiri. Chaka chino tambala ali MT 360, chitini MT 240. Tambala akugula chitini chimodzi ndi theka. Mwini tambala walandira ndalama zambiri, komatu chimanga chobwera nacho kunyumba chachepa. Tambala wakwera ndi 20 pa 100, chimanga chakwera ndi 60 pa 100. Choncho mtengo wa nkhuku pawokha sutiuza zonse. Tiziuwerenga pamodzi ndi wa chimanga.

Chenjerani ndi nyengo

Mu Disembala nkhuku zimadula chifukwa cha Khirisimasi. Mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya njala, ambiri amagulitsa nkhuku kuti agule chimanga, ndiye mtengo umatsika. Chitopa chikalowa m'mudzi aliyense amathamangira kugulitsa, mtengo n'kugwa. Pambuyo pake nkhuku zimasowa, mtengo n'kukwera. Kumeneku sikukwera mitengo kwenikweni. Kuti mudziwe zoona, yerekezani Juni wa chaka chino ndi Juni wa chaka chatha. Nkhuku zoyera za m'tauni zimadya chakudya chogula cha chimanga ndi soya, n'chifukwa chake chimanga chikadula nazonso zimadula.

Phindu lake

Wokhala ndi kope sanamizidwa ndi wogula. Amadziwa mwezi wabwino wogulitsa. Akaona kuti tambala wayamba kugula chimanga chochepa, amasamala nkhokwe yake, sagulitsa chimanga msanga. Koma nkhuku yakufa ilibe mtengo. Katemera wa chitopa ndi kadontho kamodzi m'diso, ndipo amaperekedwa katatu pachaka. Funsani alangizi a ziweto za tsiku lake.

Mafunso

1. Tifunse ogulitsa angati tisanalembe mtengo?
2. Chifukwa ninji nkhuku zimatsika mtengo nthawi ya njala?
3. Thadzi ali MT 250, chitini cha chimanga MT 125. Thadzi agula zitini zingati?

Ntchito

Jambulani mizere inayi m'kope mwanu: Mwezi, Tambala, Chimanga, Zitini. Lembani mitengo ya mwezi uno. Mubwere nalo kopelo tikadzakumananso, tidzawerengere limodzi.