Kulawa Bulawuza Isanapse: Mafunso ndi Mayankho

MUULUTSI:  Sabata ino makalata ambiri afunsa za bulawuza, pulogalamu ija timatsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, Firefox ndi Opera Mini. Katswiri wathu wa makompyuta ali nafe mu situdiyo. Bambo, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo mayi, ndipo moni kwa onse akutimva.

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wogulitsa machaja ndi mahedifoni pafupi ndi msika wa Chirimba. Akuti: "Nditasaka Chrome pa Play Store ndapeza ma Chrome anayi. Ina ndi ija ya masiku onse, ina ndi Beta, ina Dev, ina yachikasu yotchedwa Canary. Kodi atatuwa ndi feki?"

KATSWIRI: Ayi achimwene, si feki. Onsewo ndi a Google, ndipo mukayang'ana pansi pa dzina la pulogalamuyo muona palembedwa Google LLC. Ganizirani mphika wa nyemba. Canary ndi nyemba zimene angotereka kumene, zikadali gwa. Amaisintha tsiku lililonse, ndipo zimene akatswiri alemba dzulo lero zili momwemo, zisanayesedwe mokwanira. Dev ndi nyemba zimene zawirako, amaisintha pafupifupi sabata iliyonse. Beta ndi nyemba zoti zatsala pang'ono kupsa, wophika akulawa mchere. Zimene mukuona mu Beta lero zimafika kwa anthu onse pakatha masabata angapo. Ija ya masiku onse ndi ndiwo zopakulidwa kale m'mbale.

Dzina loti Canary lili ndi mbiri yake. Ndi kambalame kachikasu kamene anthu okumba malasha ku Britain ankatsika nako m'migodi. Mpweya woipa ukayamba kudzaza, kambalameko kankayamba kufooka anthu asanamve kanthu, iwo n'kuthawa. Anasiya kuchita zimenezi mu 1986. Ndiye mukaika Canary m'foni mwanu dziwani kuti kambalameko ndinu: vuto likakhalapo, liyamba kugwera inu kuti anthu mamiliyoni lisawagwere.

Si Google yokha imachita izi. Mozilla, eni ake a Firefox, ali ndi Firefox Beta komanso Firefox Nightly, imene imasintha tsiku lililonse ngati Canary. Ngakhale Chrome yeniyeniyo idayamba ngati beta pamene inkatuluka mu September 2008.

MUULUTSI: Ndiye munthu wamba angathe kulawa?

KATSWIRI: Angathe, ndi zaulere. Koma wolawa amalawa ndi kasupuni, sadya mphika wonse. Kalata yotsatirayi ndikukhulupirira itifikitsa pomwepo.

MUULUTSI: Zoonadi. Iyi yachokera kwa mayi okhala ku Chirimba amene amagulitsa kaunjika ku Limbe. Akuti: "Mwana wanga adandiikira bulawuza ya beta ati imathamanga. Dzulo ndimafuna kulipira bero la zovala kudzera pa tsamba la banki yanga, koma batani lotumizira ndalama silimadinika, kenako foni inahang'a. Kodi ndalama zanga zili bwino? Ndifulashitse foni?"

KATSWIRI: Mayi, mtima m'malo, ndipo musafulashitse foni. Kufulasha kukutayitsani zithunzi ndi manambala a makasitomala pachabe. Choyamba onani ngati ndalama zinachoka: funsani balansi pa njira ija yoimba manambala a nyenyezi, kapena onani uthenga umene banki imatumiza ndalama zikatuluka. Ngati sizinachoke, palibe chimene chaonongeka. Ngati zinachoka koma wogulitsa sanalandire, pitani ku banki ndi uthengawo, ndipo musatumizenso kachiwiri musanamve yankho lawo.

Chimene chiyenera kuti chinachitika n'chakuti tsamba la banki lidayesedwa ndi bulawuza ya masiku onse, pamene beta ili ndi zinthu zatsopano zimene tsambalo silinakumane nazo. Kuti mutsimikize, tsegulani tsamba lomwelo pa bulawuza yanu yakale ija. Ikadalimo m'fonimo, chifukwa pa Android Chrome Beta, Firefox Beta ndi zinzake zimakhala ngati mapulogalamu apadera, sizichotsa yakale. Likatseguka bwino kumeneko, mwadziwa kumene kuli vuto. Kenako dinani kachizindikiro ka betayo kwa kanthawi, musankhe kuichotsa, basi nkhani yatha.

Lamulo langa ndi ili: chilichonse chokhudza ndalama kapena chimene chili ndi tsiku lomaliza musachitire pa beta. Kulipira sukulu fizi, kulembetsa mayeso, kutumiza kalata yofunsira ntchito, za msonkho pa Msonkho Online ya MRA, zonsezi chitirani pa bulawuza yopsa kale. Ndipo mwanayo mumuuze mwaulemu kuti beta sithamanga kuposa inzake mwamatsenga. Akafuna kulawa, alawire pa foni yake.

MUULUTSI: Mwanayo wamva. Kalata yachitatu ndi ya bambo wina wa ku Machinjiri. Akuti: "Bandulo yanga ndi ya sabata ndipo foni yanga ndi kaitel kakang'ono. Wokonza mafoni wina wandiuza kuti angandiponyere Chrome Beta pa Bluetooth kuti ndisaononge data. Ndivomere?"

KATSWIRI: Bambo, musavomere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Failo yotere, imene amati APK, munthu wina aliyense angathe kuisintha n'kubisamo kapulogalamu kakuba. Kumbukirani kuti bulawuza imaona zonse zimene mumalemba pa intaneti, kuphatikizapo mapasiwedi. Mwina wokonza mafoniyo alibe cholinga choipa, koma nayenso anaitenga kwa wina, winayo kwa winanso, ndipo palibe angakuuzeni kumene inachokera. Bulawuza tengani pa Play Store pokha, kapena pa tsamba lenileni la eni ake ngati ndi ya pa kompyuta.

Pa nkhani ya bandulo, zoona zake n'zakuti kulawa kumadya data. Apudeti iliyonse ndi dawunilodi, ndiye Canary kapena Nightly zingakumalizireni bandulo ya sabata isanafike Lachitatu. Komanso bulawuza yachiwiri imatenga malo m'foni, ndipo mafoni ang'onoang'ono sachedwa kudandaula kuti adzaza. Kwa inu ndinganene kuti zisiyeni. Ngati mtima ukufunabe, tengani Beta yokha, kenako mulowe m'masetin'gi a Play Store musankhe kuti maapudeti azichitika pa Wi-Fi pokha. Koma ngati chimene mukufuna n'kupulumutsa data, yankho si beta. Opera Mini, imene idachokera ku Norway, imayamba yafinya tsamba pa makompyuta awo isanalitumize ku foni yanu, n'chifukwa chake ambiri kuno adaizolowera.

MUULUTSI: Pano pali uthenga wa mayi amene ali ndi kashopu kotaipa makalata ndi kupanga fotokope ku Chirimba konko. Akuti: "Kompyuta yanga ndi ya Windows 7. Chrome imandiuza kuti silandiranso maapudeti. Ndikaika Beta vutoli litha?"

KATSWIRI: Silitha mayi, ndipo Beta ya lero siingagwire n'komwe pa kompyuta imeneyo. Chrome 109, imene idatuluka mu January 2023, ndiyo inali yomaliza pa Windows 7 ndi Windows 8.1. Kwa Firefox yomaliza inali 115. Microsoft nayo idasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni, yoposa ya beta. Anthu amaopa chatsopano chosapsa, koma amaiwala chakale chimene chasasa. Bulawuza yosalandira maapudeti ili ngati nyumba imene akuba adadziwa kale zenera lake losatsekeka, ndipo palibe akubwera kudzalikonza. M'shopu ngati yanu makasitomala amalowa m'maimelo awo ndi kusindikiza ziphaso zawo, ndiye ngoziyo si yanu nokha. Pezani katswiri aone ngati kompyutayo ingalandire Windows yatsopano. Ngati ndi yofooka, angakuikireni Linux, imene ndi yaulere ndipo Firefox yatsopano imayenda bwino mmenemo.

Ndionjezere kwa onse: simufunika beta kuti mukhale otetezeka. Bowo loopsa likapezeka, eni bulawuza amalitseka mwachangu mu ija ya masiku onse. Chanu n'kulola apudetiyo ikabwera.

MUULUTSI: Kalata yomaliza ndi ya mtsikana wophunzira za makompyuta ku MUBAS, ku Chichiri, amene amapangira masamba a pa intaneti mabizinesi ang'onoang'ono. Akuti: "Ine ndikufuna kuyesa beta mwadala. Ndiyambe bwanji, ndipo ndikapeza cholakwika ndiuze ndani?"

KATSWIRI: Achemwali, beta adapangira anthu ngati inu. Mu 2021 Google idafupikitsa nthawi yotulutsira Chrome yatsopano kuchoka pa masabata 6 kufika pa masabata 4, ndipo Firefox idachita chimodzimodzi chaka cha 2020. Ndiye tsamba limene mwapangira kasitomala likhoza kusokonekera mwezi wamawa inu osakhudzapo kanthu. Mukamalitsegula pa Beta kamodzi pa sabata, muona vutolo kasitomala asanakuimbireni mokalipa.

Yambani chonchi. Ikani Chrome Beta ndi Firefox Developer Edition pambali pa zimene muli nazo kale. Musalowemo ndi akaunti yanu ya masiku onse. Mukalowa nayo n'kuyatsa kulunzanitsa, chimene mwafufuta mu beta, kaya ndi pasiwedi kaya ndi masamba osungidwa, chifufutikanso kwina konse. Dziwaninso kuti mitundu yoyeserayi kawirikawiri imatumiza malipoti kwa eni ake ikagwa, poti ndiyo ntchito yake.

Mukapeza cholakwika, yesani tsamba lomwelo pa bulawuza ya masiku onse. Likavuta konseko, vuto ndi la tsambalo. Likavuta pa beta pokha, mwagwira kanthu. Lembani chrome://version pamalo a adiresi kuti muone nambala ya mtundu umene muli nawo. Kenako dinani timadontho titatu ta menyu ya Chrome mupite pa Help, pomwe pali potumizira madandaulo. A Mozilla ali ndi malo awo otchedwa Bugzilla. Musangolemba kuti sizikugwira. Nenani mtundu wa foni kapena kompyuta, tsamba limene munatsegula, chimene munadina, chimene mumayembekezera ndi chimene chinachitika, muikepo ndi chithunzi cha sikirini.

Ndipo musaganize kuti mawu ochokera ku Blantyre alibe ntchito. Amene amalemba mapulogalamuwa ambiri ali ndi makompyuta amphamvu ndi intaneti yosadukaduka. Inu mukudziwa mmene tsamba limachitira pa Tecno yakale, netiweki ikatsika, kapena magetsi akazima dawunilodi ili pakati. Vuto loonekera m'malo otere, tikapanda kulinena ife, likhoza kufika mpaka m'mbale ya aliyense.

MUULUTSI: Nthawi yatithera. Bambo, mawu omaliza kwa omvera?

KATSWIRI: Amalonda, makolo ndi aliyense amene foni yake ndi imodzi yomweyo yogwirira ntchito, khalani pa bulawuza ya masiku onse ndipo muziilola kulandira maapudeti. Ophunzira ndi opanga masamba, lawani, koma pambali, kutali ndi ndalama, ndipo mukamva kuti mchere wachepa muuzeni wophika.

MUULUTSI:  Omvera, pitirizani kutilembera, ndipo polemba muzitchula mtundu wa foni yanu kuti yankho likhale lolunjika. Koma pasiwedi kapena nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musatitumizire ife, ngakhale wina aliyense.