NYAMAKAZI: DZIWANI MTUNDU WAKE MUSANAMWE MANKHWALA

M'makomboni mwathu, munthu akamva kuwawa m'maondo, m'ciuno kapena m'zala timangoti ndi nyamakazi. Ena amathamangira ku kantemba kukagula mapilisi, ena amapita kukatemedwa mphini. Koma nyamakazi ili ya mitundu-mitundu, ndipo mankhwala a mtundu wina sathandiza pa mtundu unzake. Sabata ino tiphunzira mitundu itatu yofala, ndi zizindikiro zofuna cipatala msanga.

1. NYAMAKAZI YA KUTHA KWA MFUNDO

Mfundo ndi pamene mafupa awiri akumana. Nsonga za mafupawo zili ndi kafupa kofewa, koterera, kamene kamaletsa mafupa kukhulana. Kafupaka kakayamba kutha, mfundo imawawa. Madotolo amaicha osteoarthritis. Imagwira kawiri-kawiri anthu opitirira zaka 45, maka-maka onenepa, ogwira nchito yonyamula zolemera ndi amene anavulalapo kale. Imakonda maondo, ciuno ndi msana. Ululu umakula munthu akayenda kapena akakwera citunda, ndipo umacepa akapumula. M'mawa mfundo imauma, koma imamasuka mamineti 30 asanathe.

Kafupa kakatha sikameranso, koma ululu ungacepe. Cepetsani thupi ngati ndinu onenepa. Yendani pang'ono tsiku lililonse, cifukwa kungokhala kumafooketsa minofu yogwiriziza bondo. Mutakhala pa mpando, ongolani mwendo, werengani mpaka 10, tsitsani, ndipo bwerezani kakhumi. Ndodo muziigwira ku dzanja la mbali imene siwawa. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilo 20; acinyamata athandize agogo kutunga madzi. Ngati kunjuta m'cimbudzi kuvuta, akhomereni kampando kobooka pakati.

2. NYAMAKAZI YOTUPITSA ZALA

Iyi madotolo amaicha rheumatoid arthritis. Asilikali a m'thupi, m'malo molimbana ndi tizilombo, amaukira mfundo za mwini wake. Imagwira azimai kwambiri kuposa azibambo, ngakhale a zaka 30 cabe. Zala za manja onse awiri zimatupa pamodzi, ndiponso mfundo za pamkono ndi za kumapazi. M'mawa manja amauma kwa ola lathunthu kapena kupitirira, kotero kuti mai alephera kufinya zobvala ngakhale kugwira mthiko.

Apa kucedwa ndiko kumalemaza. Mfundo ikapindika sibwereranso. Ngati zala zatupa kwa masabata 6, pitani ku kiliniki mukapemphe kalata ya ku cipatala cacikulu, monga Chipata Central kapena St. Francis ku Katete. Mankhwala oletsa matendawa kuononga mfundo alipo. Odziwika kwambiri ndi methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Womwa mankhwalawa apimitse magazi nthawi ndi nthawi, aleke mowa, ndipo mai asatenge pakati ali pa mankhwalawa.

3. GAUTI

Iyi ndi ya azibambo kweni-kweni. Munthu agona bwino-bwino, pakati pa usiku adzuka cala cacikulu ca kuphazi citatupa, cotentha, cosafuna ngakhale kukhudzidwa ndi bulangeti. Cimene cimacititsa ndi uric acid wocuruka m'magazi, amene amauma m'mfundo ngati timasingano. Mowa, nyama yambiri, ciwindi, impso ndi zakumwa za shuga zimaonjezera bvutoli. Mapilisi ena a BP okodzetsa nawonso amakweza uric acid. Musawaleke nokha, koma uzani adotolo. Ululu umatha pakapita sabata imodzi kapena awiri, koma umabweranso. Amene gauti imawabwerera-bwerera amapatsidwa allopurinol, womwa tsiku lililonse ngakhale pamene cala cili bwino.

ZIMENE ADOTOLO ADZAFUNA KUDZIWA

Palibe cipimo cimodzi ca magazi cimene cimaulula zonse. Adotolo amadalira kwambiri zimene inu muwauza. Konzekerani kuyankha: ndi mfundo ziti zimene ziwawa? Zinayamba liti? Zimatupa kodi? M'mawa zimauma nthawi yaitali bwanji? Tengani mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ndi acikuda omwe. Pambuyo pake angakutumizeni ku X-ray, kukapimitsa magazi, kapena kucotsako madzi a m'bondo ndi nyeleti kuti awapime. Akakupemphani kupimitsa HIV musakhumudwe, pakuti kacilomboka nakonso kamatupitsa maondo ndi mfundo za kumapazi.

PITANI KU CIPATALA TSIKU LOMWELO NGATI:

Mfundo imodzi yatupa mwadzidzidzi, yatentha, ndipo thupi lonse latentha. Mwina muli mafinya m'kati, ndipo mafinya amaononga mfundo m'masiku owerengeka.

Msana wawawa kwa masabata ambiri, mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, kapena pamsana pamera linunda. Imeneyi ingakhale TB ya msana. Imacizika, ndipo mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma.

Miyendo yacita dzanzi, yafooka, kapena mukulephera kusunga mkodzo ndi cimbudzi.

CENJERANI NDI MAPILISI A ULULU

Brufen, Indocid ndi diclofenac amathandiza, koma kumwa miyezi ndi miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumaononga impso, ndi kukweza BP. Imwani mutadya, ndipo musaphatikize mitundu iwiri. Azimai apakati, okalamba ndi odwala impso asamwe popanda kufunsa adotolo. Mukaona cimbudzi cakuda bii ngati makala, lekani mapilisi ndipo thamangirani ku cipatala. Ndi magazi amenewo. Panado ya 500mg munthu wamkulu asapitirire mapilisi 8 pa maola 24. Prednisolone wogula pa msika amacotsa ululu msanga, koma pambuyo pake amatupitsa nkhope, amabweretsa matenda a shuga ndi kufewetsa mafupa. Ngati mwamumwa nthawi yaitali, musamuleke mwadzidzidzi. Adotolo ndiwo adzakucepetserani pang'ono-pang'ono.

Mphini sizicotsa nyamakazi, koma lezala lingalowetse tizilombo m'mfundo. Ngati kunyumba kwanu kuli wina amene manja ake amauma m'mawa uliwonse, musayembekeze kuti zala zipindike. Muperekezeni ku kiliniki sabata ino.