Makalata a omvera: miyendo ya agogo yayamba kulefuka

Mayi wina wa ku Mchinji watilembera kuti amayi ake a zaka 72 akulephera kudzuka pamkeka popanda kugwira khoma. Ntchafu zawonda, chitenje chikungokhwepa m'chiuno. Akufunsa ngati palinso chochita.

Chochita chilipo, ndipo mayiyu wachita bwino kufunsa msanga. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, akadutsa 60 imachepa mofulumira. Chomvetsa chisoni n'chakuti timathandizira ndife tomwe: agogo timawalanda khasu ndi tsache powalemekeza, iwo n'kumangokhala pakhonde tsiku lonse. Minofu yosagwira ntchito imafota.

Koma imabwereranso. Mu 1990, ku Boston, okalamba a zaka 86 mpaka 96 anachita masewera onyamula zolemera ndi miyendo kwa masabata 8, mphamvu zawo zinawonjezeka kuposa kawiri. Agogo a ku Mchinji safunikira makina. Azikhala pampando n'kudzuka kakhumi, wina ataima pambali, kenako azinyamula botolo la madzi m'dzanja lililonse. Bungwe la WHO limalangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuchita zolimbitsa minofu ndi zoteteza kugwa masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata.

Nsima ndi masamba okha sizikwanira. Pambale pazikhala nyemba, soya, usipa kapena dzira, ndipo phala la m'mawa lizithiridwa nsinjiro.

Ngati kuwondako kwabwera mwadzidzidzi, pamodzi ndi chifuwa, ludzu losatha kapena kusafuna kudya, agogowo apite kuchipatala sabata yomweyino akawayeze TB, shuga ndi HIV.