Bambo Ali ku Kosi, Mayi Ali ndi Pakati: Ufulu Wanu ndi Zoyenera Kuchita

Kabukuka ndi ka mayi woyembekezera amene mwamuna wake wapita kumaphunziro a usilikali, kaya ku MAFCO ku Salima, kumalo ena ophunzirira m'dziko muno, kapena kunja. Ena mwa inu ndinu akazi a asilikali okhazikika pantchito amene atumizidwa ku kosi yokwezera udindo kapena yokonzekera ntchito yosungitsa mtendere. Ena ndinu atsikana amene bwenzi lanu langolembedwa kumene usilikali, inu n'kutsala ndi mimba. Vuto lanu ndi limodzi: maphunzirowa amatenga miyezi, foni imasowa, ndipo wophunzira satuluka pakampu mmene wafunira. Koma malamulo a dziko lino sanena kuti mudikire bambo abwere kuti muthandizidwe. Chofunika n'kukhala ndi mapepala oyenera ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Kodi lamulo likukuonani ngati ndani?

Lamulo la ukwati ndi kutha kwa banja la 2015 limavomereza maukwati a mitundu inayi: wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wachikhalidwe wodzera mwa ankhoswe, ndi wongolowana. Pamaso pa lamulo maukwatiwa mphamvu yake ndi imodzi. Kusiyana kuli pa umboni. Ukwati wongolowana amauvomereza ndi bwalo la milandu lokha, ndipo limafuna kuti mukhale mutakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Ngati munangolowana chaka chatha, musadalire njira imeneyi. Bambo asananyamuke, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akumane, ukwati udziwike, ndipo ngati n'kotheka ulembetsedwe kuti pakhale setifiketi.

Zidziwitso zolembera asilikali atsopano kawirikawiri zimafuna achinyamata osakwatira. N'chifukwa chake anyamata ena amapempha mtsikana kuti abise mimba mpaka iwo atamaliza maphunziro. Woluza pa chinsinsi chotere ndi mtsikanayo, chifukwa mnyamata akadzasintha maganizo sipakhala mboni. Makolo kapena amalume a mbali zonse auzidwe mimba ikadali yaing'ono, ndipo mauthenga a pafoni amene mnyamatayo akuvomereza kuti mimba ndi yake musafufute. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lino imati ana onse ndi ofanana posatengera mmene anabadwira, ndipo mwana aliyense ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Kusakwatiwa kwanu sikuchotsa udindo wa bambo.

Zoti mukonze bambo asananyamuke

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene bambo walonjeza pakamwa sizingakuthandizeni pawindo la ofesi. Chimene chingakuthandizeni n'chimene muli nacho m'manja. Konzani izi:

1. Fotokope ya chiphaso cha unzika cha bambo, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, ndi chiphaso chanu.
2. Dzina lawo lonse monga analembetsera kuntchito, nambala yawo ya usilikali, udindo wawo, gulu limene ali ndi dzina la kosi. Zilembeni papepala, osati mufoni mokha. Popanda izi uthenga wanu umavuta kufika.
3. Dzina ndi nambala ya ofesi kapena mkulu amene mabanja amadzera akakhala ndi uthenga wadzidzidzi. Bambo afunse okha asanapite.
4. Fomu ya next of kin, imene msilikali amalembapo munthu woti adziwitsidwe pakagwa zovuta. Amene analowa ntchito asanakwatire mwina analemba mayi awo kapena achimwene awo. Afunseni ngati anasintha, chifukwa akuntchito amatsata zimene zili m'faelo.
5. Dongosolo la ndalama. Njira yabwino ndi yakuti bambo alamule banki yawo kuti mwezi uliwonse izitumiza ndalama yakutiyakuti ku akaunti ya dzina lanu. Kusiya khadi ya ku banki kwa alamu kuti ndiwo azikugawirani ndi gwero la mikangano yambiri.
6. Munthu amene adzakudikirireni kuchipatala, komanso ndalama ya mayendedwe yosungidwa payokha.

Kusikelo popanda bambo

Yambani sikelo mimba isanapitirire miyezi 3. Ndondomeko imene achipatala akutsata masiku ano ndi yakuti mayi aonedwe maulendo 8 asanachire. Kumeneko amakuyezani magazi, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko; amakupatsani mapilitsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, neti, ndi mankhwala a SP oteteza malungo, amene amayamba miyezi itatu yoyamba ikatha ndipo muyenera kumwa maulendo osachepera 3. Mukapezeka ndi HIV mumayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti muteteze mwana. M'zipatala za boma zonsezi n'zaulere, ndipo zipatala zambiri za mishoni za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma wothandiza amayi oyembekezera osalipira. Funsani ngati chapafupi ndi kwanu chili mu mgwirizanowu.

Kusikelo ndi kumene akazi a asilikali amakhumudwa kwambiri. Achipatala amalimbikitsa kuti ulendo woyamba mayi abwere ndi mwamuna wake kuti ayezetse limodzi, ndipo m'madera ena mafumu anaika malamulo a m'mudzi okakamiza zimenezi. Cholinga chake n'chabwino, koma sichifukwa chokubwezerani kunyumba osathandizidwa. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere wabwino, ndipo limalamula ogwira ntchito zaumoyo kulemekeza ufuluwu mosasankha. Uzani anamwino momveka kuti bambo ali kumaphunziro a usilikali ndipo sangabwere. Ngati kwanuko amafuna kalata ya amfumu, itengeni kuti musachedwe, koma musaphonye mwezi chifukwa chodikira bambo. Ndipo musalembe ganyu mwamuna wina kuti akaimire amuna anu: zotsatira za magazi ake zimasokoneza chisamaliro chanu ndi cha mwana.

Mukakanizidwa, pemphani kuonana ndi mkulu wa chipatalacho. Zikakanika, kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatala kapena ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu. Pa mafunso a zaumoyo imbani nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni.

Musadikire chilolezo cha bambo kapena cha apongozi mukaona izi: kutaya magazi, mutu waukulu, kuona chidima, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kugunda. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati madokotala aona kuti pakufunika opaleshoni, mayi wa zaka 18 kapena kuposerapo amene akuzindikira bwino amasayinira yekha.

Ngati muli pantchito

Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8, ali pa malipiro onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Mukabwerera, ntchito yanu ikhale yomweyo ndipo zaka zanu zapantchito sizidukiza. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Zikakuchitikirani, kadandauleni ku ofesi ya leba pasanathe miyezi 3. Lamuloli litakonzedwanso mu 2021 linawonjezera nthawi yoyamwitsa mwana pa maola a ntchito, komanso tchuthi cha abambo cha masabata 2.

Koma dziwani ichi kuti musakangane ndi amuna anu pachabe: lamulo la ntchitoli silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Iwo amayendera malamulo awoawo. Tchuthi cha masabata 2 chija msilikali sangachiumirire ngati mmene angachitire kalaliki wa pakampani. Kuti atuluke pakati pa kosi zimatengera akuluakulu ake. Konzekerani ngati kuti tsiku lochira bambo kulibe; akaloledwa kubwera, likhale phindu chabe.

Thandizo likasiya kubwera

Yambani mwafufuza. Masabata oyamba a maphunziro munthu akhoza kusowa mpata wogwira foni kapena wopita kubanki, choncho kukhala chete sikutanthauza kuti wakutayani. Koma miyezi ikamadutsa, tsatani njira iyi.

Choyamba, ankhoswe. Auzeni mwezi umene thandizo linalekera ndi zimene mukusowa. Chachiwiri, lembani kalata yaulemu kwa mkulu wa gulu la amuna anu, mutchule nambala yawo, ndipo musunge kope. Atsogoleri a mapemphero a asilikali nawonso amathandiza pa nkhani za m'banja. Chachitatu, ofesi ya zosamalira anthu ya kwa DC. Zonsezi zikalephera, pitani kubwalo la majisitireti.

Lamulo la 2015 lija limati okwatirana ali ndi udindo wosamalana ndi kusamala ana awo. Limatetezanso mayi wosakwatiwa: mwamuna amene wavomera mimba, kapena amene bwalo lamupeza kuti mimba ndi yake, ayenera kusamala mayiyo pa nthawi ya mimba ndi kulipira zofunika pochira. Mwana akabadwa, lamulo losamala ndi kuteteza ana la 2010 limakulolani kupempha bwalo la milandu ya ana kuti ligamule amene ali bambo wa mwanayo ndi ndalama zimene azipereka. Poweruza, bwalo limaona zimene makolo onse awiri amapeza, ndipo likhoza kulamula kuti ndalamazo zizidulidwa kumalipiro. Yunifolomu simuchotsera munthu udindo umenewu. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau anakhazikitsidwa ndi boma kuti athandize anthu otere. Popita kumeneko tengani kabuku kanu ka kusikelo, malisiti, mauthenga a pafoni ndi mayina a mboni.

Mukatsala kwa apongozi

Amayi ambiri bambo akachoka amatsala kuchitengwa, kapena amatumizidwa kwa apongozi kuti akachirire kumeneko. Mabanja ochuluka amasamala mtengwa wawo bwino lomwe. Koma pena pamabuka zokhoma: kulandidwa ndalama zimene bambo watumiza, kumanidwa chakudya, kunenedwa kuti mimba si ya mwana wawo, kapena kuthamangitsidwa m'nyumba. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha. Limatchulanso kunyoza, kuopseza ndi kumana munthu chuma chimene amadalira, ndipo limakhudza achibale amene mukukhala nawo pakhomo limodzi. Kanenani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi. Bwalo likhoza kupereka chiletso chokutetezani. Ngati mumakhala m'nyumba ya kubalaki, nyumbayo ili m'manja mwa akuntchito, choncho wachibale alibe mphamvu yokutulutsanimo. Vuto lililonse la nyumba lipite ku ofesi yoyang'anira nyumbazo.

Kuchira ndi kulembetsa mwana

Chirirani kuchipatala. Ngati kwanu n'kutali, pitani kuchidikiro mwezi womaliza ukayamba, pamodzi ndi wokudikirirani. Musaiwale kabuku ka kusikelo, chiphaso chanu, zitenje, beseni ndi zina zimene anamwino anakuuzani. Mukachira, tsatani masiku onse amene anamwino akupatsani oti mudzaonedwenso, mpaka ulendo wa pa masabata 6. Mwana alandire katemera wa BCG ndi wa poliyo atangobadwa, ndipo ayamwe bere lokha miyezi 6.

Lamulo la kalembera wa dziko la 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6. Wobadwira kuchipatala fomu yake imalembedwa konko ndipo imapita ku NRB, amene amatulutsa chiphaso cha kubadwa. Mayi akhoza kulembetsa yekha. Apa ndi pamene fotokope ya chiphaso cha bambo ndi setifiketi ya ukwati zimagwira ntchito: onetsetsani kuti mayina alembedwa ndendende ngati mmene alili pa ziphaso. Ngati simuli pa ukwati, dzina la bambo limalowa iye akavomereza kapena bwalo likagamula. Zikatere musazengereze, lembetsani mwanayo m'dzina lanu, za bambo mudzazitsatira pambuyo. Bambo akangomaliza kosi, akapereke kope ya chiphasocho kuntchito kuti mwana alowe m'faelo yawo.

Nkhani imene anthu sakonda kukamba

Maphunziro a usilikali ali ndi ngozi zake. Kulemba wilo si kuitana imfa. Wilo ilembedwe papepala, mwini wake asayine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale zolandira nawo chumacho. Dziwaninso kuti wolembedwa pa fomu ya next of kin sakhala mwini chuma chifukwa cha fomuyo. Ngati palibe wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, kuphatikizapo ana obadwa kunja kwa ukwati, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kupolisi.

Mawu omaliza

Kwa abambo: musananyamule chikwama, khalani pansi ndi mayi ndi ankhoswe, mumalize za mapepala ndi za ndalama. Mukafika pakampu mpata umenewu simudzaupezanso. Kwa amayi: mapepala onse asungeni m'thumba limodzi la pulasitiki, pamalo amene wokudikirirani akudziwa. Pitani kusikelo pa tsiku lake, lembetsani mwana pa nthawi yake, ndipo wina akakukanizani chithandizo chifukwa chakuti amuna anu kulibe, funsani dzina la mkulu wake ndipo mukadandaule tsiku lomwelo.