Dzina Lachipongwe Limatsogolera Chikwanje

Munthu wa khungu la chialubino akamadutsa pa msika kapena pa siteji ya minibasi, sipalephera kupezeka wina womuponyera mawu. Kale ankati "mzungu dala", ena n'kumati "napweri". Kuyambira chakumapeto kwa 2014, pamene kuba ndi kupha anthu amenewa kunayamba kuchuluka m'dziko muno, panabwera maina ena oipirapo: "ndalama zija zikudutsa", "taonani mamiliyoni akuyenda". Wonenayo amaseka, anzake amamuthandiza kuseka, ndipo mukamudzudzula amayankha kuti, "Aaa, bwanji kodi? Si nthabwala chabe?"

Wotchulidwayo saseka. Iye amadziwa zimene zinaonekera MacDonald Masambuka.

Masambuka anali mnyamata wa zaka 22 wa m'boma la Machinga. Anasowa pakhomo m'mwezi wa Marichi 2018, ndipo patapita masabata angapo thupi lake linapezeka litakwiriridwa, ziwalo zina zitachotsedwa. Zimene zinamveka m'khoti zinadabwitsa ngakhale anthu ouma mtima. Amene anamutulutsa m'nyumba sanali mlendo wochokera kutali, anali mchimwene wake weniweni, yemwe anamunamiza kuti amupezera mkazi woti amange naye banja. Tangoganizirani chimwemwe cha mnyamatayo panjira, poganiza kuti nayenso wapeza womukonda. Mu 2022 khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayi, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala. Asanu, kuphatikizapo mchimwene uja, analamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Sindikunena kuti aliyense wotchula mnzake dzina lachipongwe ndi chigawenga. Ndikufunsa chabe kuti zimatheka bwanji munthu kuyang'ana m'bale wake wobadwa naye mimba imodzi n'kuona katundu wogulitsa. Maganizo otere sagwa kuchokera kumwamba tsiku limodzi. Amamera pang'onopang'ono pamene mwana akukula akumva akuluakulu akunena kuti anthu achialubino safa koma amangosowa, kuti ndi mizimu, kuti mafupa awo amabweretsa chuma. Zonsezi ndi mabodza, koma bodza likanenedwa pa mjigo, pa bawo ndi pa maliro kwa zaka zambiri, limafika pomveka ngati chinthu chodziwika kwa aliyense. Munthu ukayamba wamuchotsera umunthu wake ndi pakamwa, dzanja silivutikanso kwambiri. Ndiye chifukwa chake mu 2016 Ikponwosa Ero, katswiri wa bungwe la United Nations pa nkhani za anthu achialubino, atayendera dziko lino anachenjeza kuti anthu amenewa akhoza kutheratu ngati zinthu sizisintha.

Eni ake anatiuza kale mmene akufunira kutchulidwa. Bungwe lawo la APAM ndiponso wayilesi ndi nyuzipepala zosamala zimati "munthu wachialubino" kapena "munthu wa khungu la chialubino". Ena amadandaula kuti mawuwa ndi aatali, akuti amatopetsa lilime. Koma kutalikako kuli ndi ntchito yake, chifukwa woyamba kumveka ndi munthu, khungu likubwera pambuyo. Ndipo khungulo lilibe chinsinsi chilichonse. Thupi la munthuyo silipanga mokwanira melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana amabadwa chotere pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi chibadwa chimenechi m'magazi mwawo, ngakhale iwo eni atakhala akuda bii. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwanayo abadwe wachialubino. Abambo amene amathamangitsa akazi awo ponena kuti "mwana uyu si wanga, unayenda ndi mzungu" adziwe kuti theka la nkhaniyi lili m'thupi mwawo momwemo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Amenewa ndi ana a m'mabanja mwathu, ndipo mdani wawo wamkulu tsiku ndi tsiku ndi dzuwa, lomwe limawabweretsera khansa ya pakhungu. Mphamvu imene timathera popeka maina bwenzi titaithera pofunsa ngati chipatala cha kwathu chili ndi mafuta odzola owateteza, ndiponso ngati aphunzitsi akumukhazika mwanayo kutsogolo kuti aziona bwino pa bolodi.

Nkhani yomweyi ikukhudzanso ena. Osamva safuna kutchedwa agonthi, ndipo ambiri amene kale tinkawatcha opunduka amasankha kuti tizinena kuti anthu aulumali. Munthu amene akumwa ma ARV ndi munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, osati "wa edzi uja", mawu amene anachititsa ambiri kubisala mpaka kumwalira osakayezetsa. Naye amene akulandira thandizo ku chipatala cha Zomba Mental ndi wodwala, ngati wodwala wina aliyense, koma tikangomumata dzina loti wamisala, ngakhale atachira palibe womulemba ganyu.

Apa ndinene chilungamo: mawu abwino paokha sachiritsa. Alipo anthu amene pa msonkhano wa ku hotela amatchula mawu onse oyenera bwinobwino, alawansi n'kulowa m'thumba, koma akafika kunyumba amakaniza mwana wawo kukwatiwa ndi mnyamata wachialubino. Amenewo angosintha lilime, mtima ukadali womwe uja. Komabe sindivomereza amene amati popeza mawu sasintha mtima, aliyense azingoyankhula mmene akufunira. Mwana wa zaka zisanu sadziwa za misonkhano. Iye amatola zimene amayi ake anena pamene mnzake wa khungu loyera akudutsa pa msewu, ndipo mawa akazinena kusukulu. Mnzakeyo akatopa ndi kusekedwa amasiya sukulu, n'kumakhala yekha kuseri kwa nyumba, kumene anthu oipa amamupeza mosavuta.

Mu 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, munthu woyamba wachialubino kulowa m'nyumba ya malamulo ya dziko lino. M'nyumbamo ankatchedwa olemekezeka, monga phungu wina aliyense. Mwana wachialubino wa m'mudzi mwanu sakupempha zambiri chotero. Ali ndi dzina limene makolo ake anamupatsa, ndipo ngati simukulidziwa, mufunseni. Mukamva mwana wanu akumukuwiza ndi dzina lina, musadikire kuti aphunzitsi kapena amfumu ndiwo akamulangize. Muitaneni pomwepo, mumufunse kumene anawamva mawuwo, ndipo konzekani kumva kuti anawamva kwa inu.